Njira 7 Zophera Tsogolo la Ntchito Yanu

Anthu ambiri a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi amene lero akwanitsa zaka 35 alibe chogwira m'manja sanali aulesi. Ena anakhoza Giredi 12, ena anafika ku koleji, ena analima mpaka zikhatho zinakhakhala. Chinawagwetsa n'chakuti ena anakakamira loto limodzi mpaka linawafera m'manja, pomwe ena ankasintha maloto chaka chilichonse mpaka anatsala opanda ndi limodzi lomwe. Kugwa kotereku kuli ndi njira zake zodziwika bwino, ndipo ndaziyala pano mwadongosolo kuti inu ana athu muzione zonse pamodzi. Aliyense wozitsata mokhulupirika adzafika kumene zimafikitsa anthu.

1. Sankhani mpando umodzi wa boma, ndipo muudikire mutakhala pansi

Yambani mwa kusokoneza cholinga ndi mpando. Musanene kuti mukufuna kuthandiza odwala, nenani kuti mukufuna kukhala namwino wolembedwa ndi boma, basi. Musanene kuti mukufuna kuphunzitsa ana, nenani kuti mukufuna nambala ya malipiro ku Unduna wa Maphunziro. Mukatero mwadzitsekera makomo ena onse. Chipatala cha St Francis, chimene chakhala chikutumikira anthu pa Katete kuyambira 1948, sichiyenda ndi anamwino okha. Muli opima magazi, opereka mankhwala, ojambula mafupa, okonza makina, osunga mabuku a ndalama. Ku chipatala cha Nyanje n'chimodzimodzi. Koma inu musayang'ane zimenezo. Mukalephera kupeza malo a unamwino, nenani kuti dziko lakukanani.

Mukamaliza koleji, gulani envulopu yakhaki. Ikanimo satifiketi ya Giredi 12, dipuloma, fotokope ya chitupa ndi tizithunzi tiwiri. Envulopuyo ikhale pansi pa matilesi, ndipo muziitulutsa pokhapokha mukamva pa wailesi kuti boma likulemba anthu. Pakati pa chilengezo china ndi chinzake musagwire kanthu. Sukulu ya m'mudzi ikapempha woithandiza pa malipiro ochepa, kanani. Makolo akapempha kuti muziwerengetsa ana awo madzulo, nenani kuti simunapitire zimenezo ku koleji. Laisensi yanu ya ku Teaching Council of Zambia kapena ya ku Nursing and Midwifery Council ithe mphamvu osaikonzetsa, chifukwa ndalama yoikonzetsera mulibe, ndipo mulibe chifukwa simukugwira kanthu.

Musawerengere kuti boma limalemba anthu thumba lake likalola. M'zaka za 2014 ndi 2015 linaimitsa kukweza malipiro n'kuchepetsa kwambiri kulemba antchito atsopano, ndipo omaliza makoleji anaunjikana m'midzi. Mu 2022 linalemba aphunzitsi 30,496 nthawi imodzi, pamodzi ndi antchito a zaumoyo oposa 11,000. Chinali chinthu chachikulu chimene dziko linali lisanachionepo. Komabe ofunsira uphunzitsi anali oposa 100,000, kutanthauza kuti mwa anthu 10 alionse, 7 anayendetsa chala pa mndandanda wa mayina mpaka pansi osapeza lawo. Amene anali ndi dimba, kalasi ya madzulo kapena kasitolo anabwerera kuntchito zawo m'mawa mwake, akudikira ulendo wina. Amene anatsata malangizo ano anabwerera kumatilesi.

2. Ngati kudikira kwakutopetsani, thamangirani chilichonse chimene chalemeretsa mnzanu

Njira iyi ikuoneka yotsutsana ndi yoyamba ija, koma zonse zimakafika pamalo amodzi. Lamulo lake n'losavuta: lowani m'chinthu pamene mbiri yake yamveka paliponse, ndipo tulukanimo chikangokupwetekani koyamba.

Alimi a thonje akukumbukira. Mu 2011 thonje linagulidwa pafupifupi K3,200 pa kilogalamu, m'ndalama zakale zija zisanachotsedwe maziro atatu. Aliyense anaona mnzake akugula malata ndi njinga. Nyengo yotsatira minda inayera ndi thonje kuyambira ku Sinda mpaka ku Chadiza, mbewu ndi mankhwala zitatengedwa pangongole ku makampani. Pofika pa sikelo mu 2012, mtengo unali utagwa ndi theka, kufika pa K1,600. Kalaliki ankayeza mtolo, n'kuyamba wachotsa ngongole ya mbewu ndi ya mankhwala opopera, ndipo mlimi ankabwerera kunyumba ndi ndalama yosakwana kulipira aganyu amene anamuthandiza kutola. Chaka chotsatira ambiri analithawa thonje.

Umu ndi mmene msika umayendera. Mtengo ukakwera, onse amalowa, ndipo zokolola za onsewo zimafika pamsika tsiku limodzi. Wotsata mphekesera amagula zipangizo pamene zakwera, n'kugulitsa katundu pamene watsika. Choncho chitani zomwezo ndi moyo wanu wonse. Chaka chino limani soya. Chaka chamawa gulitsani ng'ombe mugule njinga yamoto yonyamulira anthu. Mukaona kuti pa siteshoni njinga zachuluka kuposa okwera, igulitseni motchipa mutsegule kanyumba kotumizira ndalama pafoni, pambali pa tinyumba tina 10 tochita zomwezo. Mukamva kuti ku Vubwi kwaoneka golide, siyani munda nthawi yopalira, tengani fosholo ndi beseni.

Chimene mudzataya pa kudumphadumphaku si ndalama zokha. Ntchito iliyonse imayamba kubweza pa chaka chachitatu kapena chachinayi, pamene mwadziwa kogula motchipa, mwadziwa amene salipira ngongole, ndipo anthu ayamba kukutumizirani anzawo. Wosintha chaka chilichonse amalipira mtengo wa kuphunzira kasanu, osalawako phindu la kudziwa. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

3. Musafunse za pepala lanu

Ngati masamu kapena Chingelezi zinakuvutani pa Giredi 12, zisiyeni choncho. Makoleji ambiri ovomerezeka amafuna kuti mukhale mutakhoza bwino maphunziro 5, ndipo bungwe la mayeso la Examinations Council of Zambia limapereka mwayi wolembanso kudzera m'mayeso a GCE chaka ndi chaka. Zimatenga chaka chimodzi, ndalama yolembetsera ndi kuleza mtima. Inu nenani kuti mwakula, simungakhalenso pa desiki ndi ana. Phunziro limodzi limenelo lidzakutsekerani makomo kwa zaka 20.

M'malo mokonza phunzirolo, funani koleji imene sifunsa zambiri. Ilipo nthawi zonse: zipinda ziwiri kuseri kwa masitolo, chikwangwani chokongola, ndi munthu wolankhula bwino amene amalandira ndalama pamanja. Musafunse ngati inalembetsedwa ku TEVETA, kapena ku Higher Education Authority, kapena ngati bungwe loyang'anira ntchito imene mukuphunzirayo limaidziwa. Makolo agulitse ng'ombe ziwiri ndi matumba a mtedza. Patatha zaka zitatu mudzavala mkanjo, mudzajambulitsa, ndipo tsiku lokafuna laisensi ndi pamene mudzamve kuti pepala lanu silidziwika kulikonse. Safunsa anadya phula.

Kosi yake musankhe chifukwa mnzanu wa pa desiki waisankha. Musapite kukacheza ndi munthu amene wagwira ntchitoyo zaka 10 kuti akuuzeni mmene tsiku lake limayendera, ndalama zimene amalandira, ndi kuchuluka kwa anzake a m'kalasi amene mpaka lero sanalembedwe.

4. Nyozani ntchito ya manja

Muziona makanika wakuda ndi oyilo ngati munthu amene sukulu inamukana. Muziona wowotcherera zitsulo, womanga nyumba, wokonza mijigo ndi telala ngati anthu oti muwamvere chisoni.

Kuti kunyozaku kukuwonongeni mokwanira, musaone zimene zikuchitika pakhomo panu. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, pa ulamuliro wa a Michael Sata. Sinda anadulidwa ku Katete ndi Petauke, Vubwi ku Chadiza. Boma latsopano limafuna maofesi, nyumba za antchito, zipatala, misika, madzi ndi magetsi, ndipo zonsezi zimamangidwa ndi manja a munthu. Mu 2022 ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Madera 5 a Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi pamodzi anapatsidwa K128.5 miliyoni pa chaka chimenecho chokha. Gawo lalikulu la ndalamazi limapita ku makalasi, madesiki, zipatala zazing'ono, milatho ndi mijigo. Gawo lina limalipirira achinyamata maphunziro a luso la manja m'masukulu monga Chipata Trades ndi Ukwimi Trades. Mafomu ake amadutsa ku komiti ya chitukuko ya m'wadi mwanu, ndiye kuti kwa anthu amene mumapemphera nawo. Inu musakatenge fomu. Pakapita nthawi mudzaona lole ikutsitsa mawindo ndi zitseko zowotcheredwa ku Chipata kapena ku Lusaka, ndipo mudzadandaula kuti ntchito za kwanu zikudyedwa ndi alendo.

Musaonenso malole amene amakhota pa Katete kulowera ku chipata cha malire cha Chanida, pa ulendo wa ku Tete ndi ku Beira. Lililonse limafuna dalaivala wa laisensi yoyenera, wokonza matayala, wodziwa magetsi a galimoto, ndi wodziwa mapepala a pa chipata. Musaone ng'ombe zimene zimafa ndi matenda a nkhupakupa chifukwa wodziwa katemera ali kutali. Musaone kuti pa Katete pomwepa pali koleji yophunzitsa malonda a zaulimi, pamene alimi akugulitsa mtedza ndi mpendadzuwa kwa ogula a sikelo zokhota chifukwa palibe wowasonkhanitsa kuti agulitse pamodzi. Zonsezi ndi ntchito zimene munthu angayambe ndi satifiketi ya chaka chimodzi, n'kumawonjezera pepala pamwamba pa pepala mpaka kukhala wolemba anzake ntchito. Inu dikirani ntchito ya tayi.

5. Imani ndi mwendo umodzi, ndipo muumange ndi ngongole

Tinene kuti mwayi wakugwerani, dzina lanu latuluka. Pamenepo khulupirirani kuti mwafika. Siyani kuwerenga. Munda wa kwanu muubwereketse kwa ena mpaka malire ake aiwalike. Musaphunzire luso lina lililonse.

Agogo athu ndi atate athu anayenda njira imeneyi. Anthu a kum'mawa kuno anadzaza migodi ya ku Kitwe, Mufulira ndi Luanshya, ndipo ena anatsikira ku Hwange, Harare ndi Johannesburg. Pa nthawi ya kampani ya migodi ya ZCCM mgodi unkapereka nyumba, chipatala ndi sukulu, ndipo munthu ankaona ngati zidzakhala choncho mpaka imfa. Migodi itagulitsidwa kwa eni atsopano, kugulitsa kumene kunatha mu 2000, anthu masauzande ambiri anachotsedwa. Amene ankatumiza ndalama kumudzi, kugula ng'ombe ndi kumanga, anabwerera kwawo ngati eni khomo. Amene anadalira mgodi wokha anatsika basi pa Katete ndi sutikesi ndi ana osadziwa kugwira khasu, n'kuyamba kupempha malo kwa amfumu ali ndi imvi.

Mlimi naye angathe kuima ndi mwendo umodzi. Bzalani chimanga chokha, ndipo chaka chonse chidalire fetereza wa boma wa FISP ndi msika wa boma wa FRA. Chilala cha nyengo ya 2023/2024 chinaonetsa mapeto ake. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni chitauma m'minda. Madzi atachepa ku damu la Kariba magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo wometa, wowotcherera ndi wa chigayo anakhala manja lende. Mabanja amene anali ndi dimba, mbuzi, chinangwa, kapena mwana wodziwa kulumikiza sola ndi pampu, anavutika koma sanagwe.

Kuti mutsimikize kuti simudzatha kutembenuka zinthu zikasintha, tengani ngongole mwezi woyamba. Makampani obwereketsa ndalama amadziwa tsiku limene antchito atsopano a boma amalandira malipiro oyamba, ndipo amafika ndi mafomu mpaka ku sukulu ya kumudzi. Sainani. Gulani sofa, wailesi yakanema yaikulu ndi galimoto yakale. Ngongole yoyamba ikakupanikizani tengani yachiwiri, ndipo yachitatu ikhale ya kaloba, khadi la ku banki likhale m'thumba la wokongoza. Ngati mumasonkha ku thumba la penshoni la NAPSA, gawo la 20 peresenti limene lamulo la 2023 linalola kutapa munthu asanapume mulidye pa Khirisimasi. Tsono mwayi wokawonjezera maphunziro ukadzabwera mudzaukana, chifukwa malipiro anu onse ali ndi eni ake kwa zaka 5 zikubwerazi. Munthu wangongole sasankha njira, amamusankhira ndi amene anamukongoza.

6. Lolani chopunthwitsa choyamba chikhale chomaliza

Mtsikana akatenga pathupi ali pa sukulu, onse agwirizane kuti zake zatha. Amayi, azakhali ndi amalume akhale pansi akambirane za ukwati ndi za chindapusa, koma pasapezeke wotchula za sukulu. Musamuuze kuti kuyambira 1997 dziko lino lili ndi lamulo lolola mtsikana kubwerera m'kalasi akabereka, ndiponso kuti kuyambira January 2022 sukulu za boma salipiritsa mpaka ku sekondale. Musamuuze kuti alipo anamwino ndi aphunzitsi ambiri amene analemba mayeso mwana ali kwa agogo ake. Amene anafuna kukhala namwino ali ndi zaka 15 akhale mayi wa ana anayi pofika zaka 25, ndipo nkhani ya unamwino izikambidwa ngati nthano.

Mnyamata naye mumutumize kukaweta ng'ombe za eni kwa zaka zingapo kuti adzalandire thole. Akadzabwera nalo ali ndi zaka 14, muuzeni kuti wakula, sangayambenso Giredi 3. Thole lija likhoza kufa ndi matenda mwezi umodzi, koma kusadziwa kuwerenga adzakhala nako moyo wonse.

Ngati ndinu wamkulu kale ndipo bizinesi yanu yoyamba yagwa, musakhale pansi kuwerengera chimene chinalakwika. Nenani kuti anakulodzani. Mukatero simudzafunikanso kuona kuti munkakongoza katundu kwa abale osalemba m'buku, kapena kuti ndalama ya mpamba ndi ya ndiwo zinkakhala m'thumba limodzi.

Pa zonsezi pali njira ziwiri zochitira ndi akuluakulu, ndipo zonse n'zowononga mofanana. Yoyamba ndi kuwalola akusankhireni chilichonse: amalume akati uphunzitsi, ndi uphunzitsi, ngakhale mtima wanu uli pa injini. Yachiwiri ndi kusawauza kanthu, n'kumangowadzidzimutsa ndi mapempho a ndalama. Chimene muyenera kupewa ndi kukhala nawo pansi mwaulemu n'kunena kuti, “Amalume, cholinga changa ndi ichi, njira yoyamba ndi iyi, ikakanika ndidzayesa iyi.” Mkulu womva mawu otere amagulitsa ng'ombe ndi mtima umodzi, ndipo zimenezo zingakupulumutseni.

7. Musadziikire tsiku lodziwerengera

Njira 6 zapitazi zimagwira ntchito bwino ngati munthu sayima kuti aone pamene wafika. Wodikira amati chaka chamawa. Wodumphadumpha amati ichi ndiye chenicheni. Onse awiri amaopa kalendala.

Chaka chilichonse, Loweruka lomaliza la August, mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Pambali pa gule ndi mphatso, mwambowu ndi nthawi imene mafumu amaonekera pamaso pa Kalonga Gawa Undi kudzanena mmene anthu awo akukhalira. Atsamunda anauletsa mu 1934, ndipo unadzayambanso mu 1984. Zaka 50 zinadutsa, maboma anasintha, malire anakhwima, koma eni ake sanaiwale chimene ankafuna. Makolo athu ankadziwa kusunga cholinga nthawi yaitali, ndipo ankadziwa kuti wosenza udindo ayenera kufotokoza za udindowo kamodzi pa chaka. Inu musatengereko. Musadzifunse kuti chaka chino mwaphunzira chiyani chimene simunkadziwa, mwasunga zingati, mwadziwana ndi ndani wa ntchito imene mukuifuna. Musanene kuti, “Ndikafika mwezi wakuti ndisanaitanidwe, ndiyamba njira yachiwiri.” Zaka zidzadutsa zokha, ndipo tsiku lina mudzawerenga chilengezo cha ntchito n'kupeza kuti msinkhu umene akufuna munaupitirira kale.

Mawu kwa inu amene simukufuna kufika kumeneko

Ndalemba zimenezi chifukwa zimandiwawa kuona mwana wanzeru, amene mudzi wonse unamusonkhera, akukalamba pa khonde la sitolo. N'zoona kuti ntchito n'zochepa, ndipo n'zoona kuti pena malo amapita kwa wodziwika m'malo mwa woyenera. Zimenezo tiyenera kuzidzudzula poyera. Koma pamene tikudzudzula, zaka zanu zikupita, ndipo palibe ofesi imene idzakubwezereni.

Tengani kope ndi cholembera sabata ino. Lembani ntchito imene mukufuna kuti anthu adzakudziweni nayo pakatha zaka 10, ndipo muilembe monga thandizo limene mudzapereka kwa anthu, kuti ikhale ndi makomo angapo olowera. Pansi pake lembani chimene chikudyetseni chaka chino, ngakhale chikhale chonyozeka, malinga ngati sichikukuchotsani pa njira. Lembani pepala limodzi kapena luso limodzi limene muwonjezere miyezi 12 isanathe, ndi ofesi imene mukafunseko ngati sukuluyo ndi yovomerezeka. Lembani tsiku limene mudzakhale pansi kuona ngati njira yoyamba ikuyenda, ndi chimene mudzachite ikakanika. Mukamaliza, kaonetseni kopelo kwa munthu wamkulu amene amakuuzani zoona, ndipo mumupemphe kuti tsikulo likadzafika adzakufunseni.